Chinkhwe choluma chija: yankho la malume pa gulu la banja

Eee mphwanga, uthenga wako ndaumva, pepa ndachedwa, ndinali kudimba komwe netiweki imavuta. Ndiye ukuti abwana ako akusamukira kunja ndipo akusiyira chinkhwe chawo, chotuwa chija cha mchira wofiira. Chatha masiku anayi chili duu pakona ya khola, osayankhula, dzulo chaluma mdzukulu wanga chala, ndiye ukufunsa ngati uchibweze kapena uzichikwapula pang'ono kuti chimve mwambo. Ayi mwanawe, usachimenye, ngakhale ndi kaudzu. Ine mbalame ya mtundu womwewo, African grey, ndinaisamala zaka 9 m'nyumba ina ku Pretoria, chipsera chake chikadalipo pa chala changa chachikulu, ndiye undimvere bwino.

Chinkhwe chakocho chili pa maliro. Mbalame zimenezi zimakhala zaka 40, 50, zina kupitirira, ndipo zimakonda munthu mmodzi ndi mtima wonse. Munthu wakeyo wasowa, nyumba ndi yachilendo, mawu ndi achilendo, kenako kadzanja ka mwana kalowa m'khola. Chikanatani? Ndi mantha amenewo, si nkhanza. Ndipo chisanalume chimachenjeza, kungoti ife sitiona. Kakuda ka m'diso kamakula n'kuchepa mofulumira, nthenga zimaimirira, chimatsamira kumbuyo, nthawi zina chimalira kukhosi ngati galu wofuna kuluma. Ukaona zimenezo, bweza dzanja.

Masabata awiri oyambawa pasapezeke wolowetsa dzanja m'kholamo, kupatula posintha madzi ndi chakudya. Kholalo uliike pabalaza, mbali imodzi itsamire khoma kuti chisamaope za kumbuyo, koma osati pakhomo pomwe aliyense akudutsa. Madzulo koka mpando ukhale pafupi, chammbali, osachiyang'anitsitsa m'maso, pajatu amene amayang'ana choncho kutchire ndi mphamba ndi mphaka. Uzichiyankhula motsitsa, kaya uziimba nyimbo ya kwaya, zilibe kanthu, bola mawu ako chiwazolowere. Ukamadya uzidyera pomwepo, chifukwa kwawo ku nkhalango za ku Congo ndi Cameroon zimadya pagulu, ndiye wodya naye ndi mnzake. Pakapita masiku uyambe kuchipatsira kachidutswa ka apozi pa mawaya. Tsiku lomwe chidzabwere chokha kudzalandira, ndiye kuti mwayambana. Pamenepo tseka mawindo, zimitsa fani, tsegula chitseko cha khola, chituluke chokha. Kukwera padzanja yamba ndi kamtengo, ukaike patsogolo pa miyendo yake, uzinena mawu amodzimodzi nthawi zonse. Ine changa chija chinanditengera miyezi itatu kuti chikwere padzanja langa, koma chitakwera, chinayamba kundiitana ndi mluzu wanga womwe ndikangotsegula geti.

Abwanawo ngati sanakwere ndege, afunse mawu amene ankachiuza pokwera padzanja ndi pokagona, akupatse mbale zake, nsalu yofundira khola, ndi chakudya chomwe chinazolowera. Usasinthe zonse tsiku limodzi.

Chikakuluma usakuwe, usakutumule dzanja. Ndikudziwa zimapweteka, mlomo umenewu umaswa mtedza wolimba. Chiike pansi mofatsa, uchoke kamphindi. Ukakuwa chimaona ngati masewera, mawa chibwereza. Mdzukulu wangayo mutsukeni bala ndi sopo, likatupa apite kuchipatala, ndipo asatsale yekha ndi mbalameyo. Posisita, mutu ndi khosi basi. Kumsana ndi kunsi kwa mapiko ayi, kumeneko zimagwirana zikakhala pa ukwati, ndiye chimayamba kukuona ngati mkazi wake n'kumaluma aliyense wokuyandikira. Ikafika nthawi yoti uchigwire mokakamiza, mwina chavulala, chikulunge m'thaulo, ugwire mutu mofewa chakumbuyo, koma pachifuwa usafinye. Mbalame imapuma ndi kuyenda kwa fupa la pachifuwa, ukalipana imabanika m'manja mwako momwemo.

Tsopano izi umvetsetse, chifukwa n'zimene zimapha. Kukhitchini chisakhaleko. Mapoto a non-stick aja, osamatirira chakudya, akatenthetsa amatulutsa mpweya woti iwe suumva, koma mbalame imagwa nthawi yochepa. Utsi wa mbaula, fodya, mankhwala opopera udzudzu ndi mphemvu, zonunkhiritsa m'nyumba, zonsezo kutali. Mapeyala ndi poizoni kwa chinkhwe, ngakhale kachidutswa. Chokoleti, khofi, mowa, zamchere, ayi. Ndipo ndikukudziwa, ukufuna uzichipatsa mtedza umene amayi ako amakutumizira. Samala, mtedza ukachita chuku umawononga chiwindi ndi mapapo a mbalame. Mpendadzuwa wokhawokha nawonso ndi mafuta chabe, chimaukonda ngati mwana ndi maswiti, koma African grey ikasowa calcium, chija cholimbitsa mafupa, imafika pogwa khunyu. Gula ma pellets a zinkhwe, chakudya chawo chopangidwa kale cha m'sitolo, uwonjezere karoti, dzungu, mbatata yofiira mkati yophika, masamba obiriwira, papaya, mango pang'ono. Mpendadzuwawo usunge, ukhale mphoto pochiphunzitsa. Usiku chigone maola 10 kapena 12 mumdima, TV itazima. Chikamasowa tulo kapena chikamasungulumwa chimayamba kudzizula nthenga, ndipo chizolowezi chimenecho kuchithetsa ndi ntchito yaikulu, ndinaziona pa chinkhwe cha aneba athu chitatsala chifuwa chambee, zomvetsa chisoni.

Mwezi uno usathe, pita nacho kwa dokotala wa ziweto amene amadziwa za mbalame. Mbalame imabisa matenda, ukadzaona yafufuma nthenga pansi pa khola ndiye kuti yadwala kale. Pali nthenda ina, psittacosis, imachoka kwa zinkhwe kupita kwa anthu, imayamba ngati chimfine n'kusanduka chibayo. Muzisamba m'manja, zitosi uziyamba wanyowetsa usanakolope kuti fumbi lisauluke, ndipo zopsompsona pamlomo kapena kuchidyetsa zochokera m'kamwa mwanu musachite. Mphaka wako uja asayandikire, kungokanda pang'ono kapena malovu ake okha amapha mbalame.

Ndamvanso azakhali ako pagulupa akuti ubwere nacho pa basi Khirisimasi ino anthu adzaone mbalame yoyankhula. Achemwali, pepani, zimenezo ayi. Mu 2016, pa msonkhano wa CITES, pangano la mayiko loyang'anira malonda a nyama zakutchire, womwe unachitikira ku Johannesburg konko, mayiko anagwirizana zoika African grey pa gulu la nyama zotetezedwa kwambiri, chifukwa kutchire zikutha ndi ozigwira. Kudutsa nacho malire pa Beitbridge kapena pa Mwanza popanda zilolezo ndi mlandu, ndipo kutentha kwa ku Tete m'basi sikungachisiye chamoyo. Mphwanga, mapepala ake onse abwanawo akusiyire, ndipo ngati chili ndi mphete kumwendo ulembe nambala yake penapake.

Mawa m'mawa unditumizire kavidiyo, uime patali pang'ono, ndione maso ake ndi mmene chikuimira pa mtengo. Undijambulirenso mbale ya chakudyayo ndione zimene chikusiya.