Inshuwaransi ndikadali mnyamata?

Funso: Ndili ndi zaka 26, sindinakwatire, koma ndimalipirira mng'ono wanga sukulu. Wogulitsa inshuwaransi akundiumiriza kutenga ya moyo ndi ya matenda aakulu. Si kutaya ndalama kumeneku?

Yankho: Achimwene, ganizirani mng'ono wanuyo. Ya moyo imalipira munthu amene mwamulemba mukamwalira, ndiye fizi yake siima. Ya matenda aakulu imapatsa inuyo ndalama nthawi imodzi dokotala akakupezani ndi matenda olembedwa m'pangano, monga khansa kapena sitiroko. Mukayamba mudakali wathanzi, zolipira pamwezi zimachepa. Koma werengani tizilembo tating'ono ta m'panganomo, khansa yongoyamba kumene makampani ena saiwerengera. Ngati mumasuta, lembani pafomupo. Mukabisa, tsiku lofuna ndalama adzakukanani, wogulitsa uja atadya kale komishoni yake.