Ku Réunion mu Disembala: pitani, koma tsiku la 20 likupezeni komweko

Achemwali, mwafunsa ngati n'kwanzeru kupita ku Réunion, chilumba cha m'nyanja ya Indian, mu Disembala, poti anzanu akuti ndi nthawi ya mvula, bola Mauritius. Ine ndinapitako mwezi womwewo, ndiye imvani zanga.

Ngati mtima wanu uli pa kugona pamchenga, anzanuwo sakunama. Ku Réunion malo osambira ndi ochepa chifukwa cha shaki, anthu amasambira kumene matanthwe a m'nyanja atchinga, monga ku L'Ermitage. Chilumbachi n'cha mapiri. Piton des Neiges imaposa pang'ono Sapitwa wathu wa ku Mulanje, koma limene limakoka alendo ndi Piton de la Fournaise, phiri la mamita 2,632 lomwe limaphulika pafupipafupi, zaka zina kangapo.

Kumeneko mulawirire kusanache, chifukwa dzuwa likangokwera mitambo imatseka zonse. Ife tinanyamuka 4 koloko m'bandakucha, majuzi tavala, ngakhale kugombe kunali kotentha. Msewu umatsikira m'chigwa cha Plaine des Sables, dothi lofiira ngati njerwa zootcha, popanda mtengo ngakhale umodzi, mpaka kukafika pa Pas de Bellecombe pamene phiri lonse limaonekera. Ndinatola kamwala kakuda kodzaza timabowo ngati chinkhupule, kopepuka modabwitsa, koma kakuthwa moti kanandicheka chala. Nsapato zikhale zolimba. Mukadzazungulira kum'mawa mukaime ku Piton Sainte-Rose: mu 1977 chiphalaphala cha moto chinalowa m'mudzimo n'kuzinga tchalitchi osachigwetsa, ndipo mpaka lero amachitcha Notre-Dame-des-Laves, miyala yakudayo ili pakhomo pomwe.

Komatu chimene ndikukulimbikitsirani Disembala si phiri ayi, phiri lilipo chaka chonse. Ndi Fèt Kaf. Pa 20 Disembala 1848, Sarda Garriga, nthumwi ya boma la France, analengeza kutha kwa ukapolo pachilumbachi, ndipo anthu oposa 60,000 anamasuka. Ambiri anali ochokera ku Madagascar ndi kugombe la Mozambique, kumene ankafikitsidwanso anthu ogwidwa kuno kumtunda. Tsikuli ndi tchuthi, ndipo misewu ya ku Saint-Denis, likulu la chilumbachi, imadzaza ndi magule ndi nyimbo za maloya, zimene akapolo ankaimba m'minda ya nzimbe. Akuluakulu a boma anazipondereza kwa zaka zambiri, koma mu 2009 UNESCO inazilemba pa mndandanda wa chuma cha chikhalidwe cha dziko lonse.

Ndinaima pafupi ndi gulu lina usiku. Mnyamata atakhalira ng'oma yaikulu yotchedwa roulèr, akuimenya ndi manja onse awiri, wina akutsogolera nyimbo, khamu likuvomera. Kenako mayi wina anatukula kayamb, bokosi lafulati la timapesi ta maluwa a nzimbe, muli njere m'kati, n'kuyamba kuligwedeza uku ndi uku. Achemwali, chinali chisekese chenicheni, chonga chimene amayi a kumpoto kwathu amaimbira! Mawu a Chikiliyo, chinenero cha kumeneko, sindinamve ngakhale amodzi, koma misozi inangotsika yokha. Anthu aja ndi abale athu, ndipo ine ndimaona kuti Mmalawi amene wakwanitsa kufika kumeneko asaphonye usiku umenewo.

Za mvula: imagwadi, makamaka kum'mawa kwa chilumba, ndipo kumatentha. Namondwe amavuta kwambiri kuyambira Januwale mpaka Malichi, choncho musachedwe kubwerako, komanso siyani tsiku limodzi kapena awiri opanda pulogalamu kuti mukalephera kuona phiri lero mukayesenso mawa. Ndi nyengonso ya zipatso za litchi, amagulitsa m'mbali mwa msewu.

Thumba likhale lokonzeka, chifukwa Réunion ndi gawo la France, ndalama ndi yuro, ndipo zinthu n'zodula. Chingelezi sichiyenda kwenikweni, phunziranipo mawu angapo a Chifalansa. Viza ya Schengen payokha sikwanira, pofunsira munene kuti mukupita ku Réunion. Malo ogona ndi galimoto yahayala sungitsiranitu msanga, poti ndi nthawi ya tchuthi kwa eni ake omwe.