Timadontho toyera tobwerabwera pa nsomba za m'thanki ya madzi amchere

Talandira funso kuchokera kwa bambo wina wa kwathu kuno amene akugwira ntchito ku Cape Town, ndipo ina mwa ntchito zawo ndi kusamalira thanki yagalasi momwe abwana awo akuwetamo nsomba za m'nyanja ya mchere. Iwo akuti nsombazo zimatuluka timadontho toyera ngati timchere pathupi ndi pa zipsepse, zimadzikhula kumiyala, ndipo akathira mankhwala a m'sitolo timadonthoto timatha, koma pakapita masabata awiri kapena atatu timabweranso tochuluka kuposa poyamba. Akufunsa ngati vuto lili m'mankhwala kapena m'madzi.

Bambo, timadontho timene munaona titatha tikanathabe ngakhale mukanapanda kuthira chilichonse, ndipo apa ndi pamene ambiri amanyengekera. Matendawa amabwera ndi kachilombo kotchedwa Cryptocaryon irritans, kamene kamalowa m'khungu ndi m'makha a nsomba n'kumadya pamenepo kwa masiku 3 mpaka 7. Kakakhuta kamachoka kokha n'kugwera pansi, kenaka kamamatirira kumchenga, kumiyala kapena kugalasi, n'kudzikuta m'kachikwa kolimba. M'kachikwamo kamagawikana mpaka kukhala tiana tambiri tomwe tikhoza kufika 200, ndipo tianati timatuluka pakatha masiku 3 mpaka 28, ngakhale kuti ofufuza anapezapo tizikwa tina toswa patatha masiku 72. Tikatuluka timasambira kufunafuna nsomba, ndipo tikapanda kuipeza pa tsiku limodzi kapena awiri timafa. Nthawi yokhayo yomwe mankhwala amakapeza bwino kachilomboka ndi imeneyi, chifukwa kakakhala m'khungu kapena m'chikwa kamakhala kotetezeka. Choncho pamene nsomba zanu zinkaoneka zoyera thupi, matenda anali gone pansi pa thanki, akuchulukana.

Kuti athe, chotsani nsomba zonse m'thanki yaikulu, kuphatikizapo zimene sizikuonetsa kadontho ngakhale kamodzi, pakuti nsomba yomwe inadwalapo n'kuchira imatha kusunga tizilomboti m'makha popanda kuoneka kuti ikudwala. Thanki yaikuluyo ikhale yopanda nsomba kwa masiku 76, omwe ndi pafupifupi masabata 11, kuti kachikwa komaliza kaswe ndipo tiana take tife ndi njala. Nkhono, nkhanu ndi ma coral (tizamoyo ta m'nyanja tooneka ngati miyala kapena zomera) zikhoza kutsala momwemo, chifukwa kachilomboka sikadya zimenezi. Ndikudziwa kuti mwini thanki sangakondwe kuona galasi lopanda nsomba kwa miyezi iwiri ndi theka, koma muwafotokozere modekha kuti kubweza nsomba pa sabata yachinayi n'kungoyambitsanso vuto lomwelo.

Nsombazo muzisunge m'thanki ina yopanda mchenga ndi miyala, momwe mwaikamo tizidutswa ta mapaipi apulasitiki tobisalamo ndi makina opopera mpweya. Mankhwala odalirika ndi a kopa (copper, ndiye kuti mkuwa), pa mlingo wa 0.15 mpaka 0.20 mg pa lita imodzi ya madzi kwa masabata anayi, koma mitundu ina ya mankhwalawa ili ndi mlingo wakewake, choncho tsatirani zolembedwa pabotolo ndipo muziyeza madzi tsiku lililonse, chifukwa kopa akachepa sapha kachilombo, akachuluka amapha nsomba. Musathire kopa m'thanki yaikulu, pakuti amapha ma coral ndi nkhono, komanso amalowerera m'miyala. Njira ina ndi kuchepetsa mchere pang'onopang'ono kwa masiku awiri, kuchoka pa 1.025 kufika pa 1.009 pa choyezera mchere wa m'madzi, n'kuusunga pomwepo kwa masabata anayi kuwerengera tsiku limene kadontho komaliza kathera. Njirayi imafuna kachipangizo koyezera mchere kotchedwa refractometer, imafunanso kuti muzibwezeretsa madzi opanda mchere tsiku ndi tsiku m'malo mwa amene auma, ndipo pomaliza mchere muukweze pang'onopang'ono kwa sabata yathunthu. Musaphatikize njira ziwirizi.

Kwa munthu amene alibe zoyezera kopa, ine ndimalangiza njira yosamutsa nsomba. Mukhale ndi mathanki awiri ang'onoang'ono, lililonse ndi zida zake, ndipo masiku atatu asanakwane muzisamutsira nsomba m'thanki ina yokhala ndi madzi atsopano ofanana mchere ndi kutentha kwake, kenaka yakaleyo muitsuke ndi kuiumitsa mpaka iume gwaa. Mukasamutsa kanayi, kwa masiku 12, tizilombo tonse timakhala titatsika pa nsomba n'kutsala m'mbuyo tisanaswe. Njira iliyonse imene mungasankhe, yang'anirani amoniya, poizoni wochokera ku zonyansa za nsomba, chifukwa m'thanki yatsopano zonyansa za nsomba zimaunjikana msanga ndipo zikhoza kupha nsomba matenda asanaziphe.

Mwafunsanso za adyo m'chakudya ndi nyale ya UV, yomwe kuwala kwake kumapha tizilombo toyandama m'madzi. Zimenezi zingachepetse vuto, koma sizifika pa tizikwa tomwe tili mumchenga. Kukweza kutentha kwa madzi nako kumachepetsa mpweya pamene nsomba zikupuma kale movutika. Mukaona kuti timadonthoto ndi tosalala ngati fumbi ndipo nsomba zikufa pa tsiku limodzi kapena awiri, ganizirani matenda ena oopsa kwambiri oyamba ndi Amyloodinium ocellatum, ndipo muyambe kopa msanga. Zonse zikatha, nsomba yatsopano iliyonse izikhala payokha masabata anayi kapena kuposerapo isanalowe m'thanki yaikulu, ndipo kaukonde konyowa kasamayende pakati pa mathanki.

Mayi wina woweta makumba ndi chambo m'damu wafunsa ngati timadontho timene amaona pa mbewu yake ya nsomba m'nyengo yozizira ndi matenda omwewa. Mayi, maonekedwe ndi mayendedwe a matendawo n'zofanana, koma kachilombo ka m'madzi opanda mchere ndi kena, Ichthyophthirius multifiliis, ndipo kwa inu mchere ndiwo mankhwala. M'thanki kapena m'chidebe chosungira mbewu, magalamu 3 mpaka 5 a mchere pa lita imodzi kwa masabata awiri amathandiza, koma kwa damu lonse chofunika ndi kuphwetsa madzi mukakolola, kuumitsa pansi pake mpaka dothi ling'aluke, ndi kuthira laimu musanaikemo mbewu ina. Mukaona zilonda zofiira zakuya m'malo mwa timadontho, amenewo akhoza kukhala matenda a zilonda za nsomba otchedwa EUS amene anapezeka ku Mchinji mu 2020, ndipo musagulitse kapena kusamutsa nsombazo, koma mudziwitse ofesi ya za nsomba ya m'boma lanu tsiku lomwelo.