Tochi ya pa pistol: swichi yake ndi chikwama chosabaya m'chiuno

Sabata yatha ndinalandira imelo kuchokera kwa bambo wina wa ku Ntcheu, amene amagula mbatata ya kachewere ku Tsangano ndi pa Lizulu n'kukagulitsa ku Blantyre. Ali ndi mfuti ya m'manja ya mtundu wa Glock 19, ya chiphaso. Mlamu wawo wa ku Johannesburg akufuna kuwagulira tochi yomangirira kunsi kwa mfutiyo, ndipo wawatumizira zithunzi ziwiri: Streamlight TLR-1 HL ndi TLR-7A. Funso lawo ndi lakuti, ndi iti imene swichi yake ili bwino, nanga mfuti ikamangidwa tochi idzalowabe m'chikwama chawo chachikopa? Awonjezeranso kuti tsiku lambiri amathera pa chiwongolero, moti safuna chinthu chowabaya pamimba.

Achimwene, zikomo polemba. Ine ndikanakhala inu ndikanatenga TLR-7A, ndipo ndikanauza alamuwo kuti asaigule yokha, agule pamodzi ndi holster yake, chikwama chovaliramo mfuti m'chiuno. Chikwama chanu chachikopacho sichigwiranso ntchito. Tsopano ndifotokoze chifukwa chake.

Ndiyambe ndi swichi, poti ndi pamene anthu ambiri sayang'anapo. Maso amathamangira pa nambala ya kuwala yolembedwa pa katoni. TLR-1 HL imatulutsa ma lumen (muyeso wa kuwala) 1,000, TLR-7A imatulutsa 500, ndiye munthu amangoti yayikuluyo ndiye yabwino. Koma pa bwalo la nyumba, pakati pa khonde ndi mpanda, 500 ndi kuwala kokwanira ndithu. Chimene chidzakuvutitseni usiku, mtima ukugunda, manja atazizidwa ndi chisanu cha mu Juni, ndi kupeza poyatsira.

Swichi ya TLR-1 ili ngati kamtanda kopingasa kumbuyo kwa tochi, kotulukira mbali zonse ziwiri za trigger, kaja timakoka ndi chala powombera. Mukakapendeketsa mbali imodzi tochi imayaka pokhapokha mukugwirizira, mukasiya imazima. Mukakapendeketsa mbali inayo imayaka osazima mpaka mutabweza. Nzeru yake ndi yabwino, koma poti ndi kamtengo kamodzi, mbali ya kumanzere ikatsika ya kumanja imakwera. Chimene chala cha kumanzere chimachita potsitsa, cha kumanja chimachita pokweza. Tsiku limene dzanja limodzi lagwira chitseko kapena mwana, n'kusintha chala, tochi imachita zosiyana ndi zimene munazolowera. Amene amayeserera kawirikawiri amaizolowera. Koma inu ntchito yanu ndi mbatata, si mfuti.

TLR-7A ili ndi timabatani tiwiri kumbuyo, kena kumanzere kena kumanja, ndipo tonse timachita chimodzimodzi. Kudina pang'ono n'kusiya, yayaka mpaka mudinenso. Kudina n'kugwirizira, imayaka nthawi yokhayo. Timabatanito tilipo tamitundu iwiri, tam'mwamba ndi tam'munsi, ndipo paketi yolembedwa Flex imabwera ndi tonse tiwiri kuti musankhe kamene chala chanu chimafikapo mosavutika. Uzani alamu aonetsetse kuti pali chilembo A. TLR-7 yoyamba ija, yopanda A, mabatani ake ali m'mbali mwa tochi, ndipo ambiri a zala zazifupi ankavutika kuwafikira.

Pali ina imene simunaitchule, SureFire X300, ya ku California. Swichi yake ineyo ndimaikonda koposa zonse: kukankhira kutsogolo ndi kuyatsa kwa kanthawi, kukweza kapena kutsitsa ndi kuyatsiratu, mbali zonse mofanana. Koma ikakhala yatsopano ndi yolimba ku chala, ndi yayitali, ndipo mtengo wake ndi wokwera kwambiri. Imayenera wovala yunifomu amene mfuti yake imakhala pa lamba kunja, osati munthu wobisa m'malaya.

Apa ndiye pamene ndikufuna mundimvetsetse. Swichi iliyonse imene mungasankhe, muziyatsa ndi chala chachikulu cha dzanja lothandizira, la kumanzere ngati mumawombera ndi lamanja. Chala cha mkombaphala chisapatsidwe ntchito imeneyi. Chala chimenecho chinaphunzira kale ntchito imodzi, yokoka trigger, ndipo batani la tochi lili pafupi kwambiri ndi trigger. Munthu akadzidzimuka zala zimafinya zokha. Chala chimene chimapita kukayatsa chikhoza kutsetsereka n'kulowa mkati, ndipo Glock ilibe kachitsulo kena kapambali kotsekera, mukakoka, yalira. Pa chifukwa chomwechi sindilimbikitsa maswichi aja oyenda kunsi mpaka pa chogwirira, amene amayaka ndi chala chapakati mukangofinya mfuti. Kufinya kuti muyatse ndi kufinya kuti muwombere n'zoyandikana kwambiri.

Ndikuuzeni zimene zinandichitikira kuno ku Dedza. Usiku wina magetsi atazima, agalu anauwa kwambiri cha ku khola la mbuzi. Ndinatuluka ndi tochi ya m'manja, mfuti ili m'chikwama mwake. Nditaunika ndinapeza mphwanga, mwana wa mchemwali wanga, amene anatsika basi mochedwa n'kudzera kuseri poopa kutidzutsa. Ndinabwerera m'nyumba miyendo ikunjenjemera. Ndikanati ndiunike ndi tochi ya pa mfuti, ndiye kuti mpope wa mfuti ukanaloza pachifuwa pa mwanayo, chifukwa kumene kwapita kuwala n'kumene kwaloza mfuti. Choncho tochi imeneyi si yofunira makiyi m'galimoto, si younikira tayala likaphwa pa Kampepuza, si yowerengera matumba. Ntchito yake ndi imodzi, kukuonetsani bwinobwino chimene mwaona kale kuti ndi choopsa, kuti musalakwitse munthu. Tochi ya m'manja ikhalebe m'thumba tsiku lililonse.

Tsopano za chikwama. TLR-1 HL imadya mabatire awiri a CR123A ogonekedwa mbali ndi mbali, n'chifukwa chake ndi yotakata. Imalemera pafupifupi magalamu 120, ndipo pa Glock 19 mutu wake umapitirira kukamwa kwa mfuti. TLR-7A ili ndi batire limodzi, imalemera pafupifupi magalamu 70, ndipo imathera cha pomwe mfuti yathera. Mukaimirira kusiyana kwake sikumveka kwenikweni. Khalani pa mpando wa lole kuchokera pa Lizulu kukafika pa Zalewa, mudzakumva. Mukavala kutsogolo, cha pamchombo, mutu wa tochi yayitali umakanikiza pa ntchafu nthawi iliyonse mukaponda kilatchi. Mukavala cha kumbuyo kwa chiuno, mpando umaikankhira m'fupa. Ndipo chinthu chikamapweteka munthu amachivula n'kuchiika pansi pa mpando kapena m'kabokosi ka kutsogolo, malo amene wothandiza pa galimoto kapena mwana angachipeze.

Holster yabwino ya mfuti yokhala ndi tochi imapangidwa ndi pulasitiki yolimba yotchedwa Kydex, youmbidwa motsatira mfuti yakutiyakuti ndi tochi yakutiyakuti. Ya Glock 19 ndi TLR-7A siilandira TLR-1. Komanso zikwama zambiri zoterezi zimagwira pa tochi, osati pa mfuti, moti mukachotsa tochi mfuti imangogwedera. Ndi chifukwa chake ndikuti zigulidwe tsiku limodzi.

Pali vuto limodzi limene zikwama zonse za tochi zili nalo. Kuti tochi idutse, kukamwa kwa chikwama kumakhala kotakata, ndiye pambali pa trigger pamatsala mpata. Tochi ikakula mpatawo umakulanso. Kwathu kuno timavala majekete ndi majuzi miyezi yambiri, ndipo majekete ena ali ndi tizingwe tokokera m'munsi tokhala ndi kapulasitiki kumapeto. Kachingwe koteroko kakalowa mu mpata uja pamene mukubweza mfuti, kakhoza kukoka trigger. Dulani tizingweto. Holster ikafika, chotsani magazini, kabokosi ka zipolopolo, onani kawiri kuti m'chipinda cha chipolopolo mulibe kanthu, lowetsani mfuti, ndipo yesani kupisa chala chaching'ono pambali. Chikakhudza trigger, holster imeneyo musaivale. Pobweza mfuti muziyang'ana ndi maso, pang'onopang'ono. Palibe chothamangira pamenepo.

Chikopa ndimachikonda, n'chofewa pathupi, ndipo amisiri athu osoka nsapato akhoza kukusokerani chooneka bwino. Ndinayesapo zimenezo. Patapita miyezi, thukuta ndi chinyezi zinachifewetsa, chinapindikira mkati n'kumadina batani. Tsiku lina ndili pa ulendo ndinangomva kutentha m'chiuno, tochi yakhala ikuyaka m'chikwama, ndipo pofika madzulo batire linali litatha. Chikopa chimene chikudina batani lero mawa chidzadina trigger. Ngati Kydex ikukukhulani, valani vesiti mkati, ndipo kumbuyo kwa holster, cha kumunsi, matani kasiponji kochindikala. Kamakankhira kunsi kwa mfuti kutali ndi thupi, chogwirira n'kugona pamimba osatukula malaya. Lamba nayenso akhale wolimba, wosapindika. Lamba wa suti yopitira ku tchalitchi sangasenze katundu ameneyu.

Mabatire a CR123A musayembekezere kuwapeza m'golosale ya pa Boma monga timapezera a wailesi. Batire limodzi pa TLR-7A limayaka pafupifupi ola limodzi ndi theka, choncho alamu abweretse angapo osungira. Posunga mfuti nthawi yayitali, potokolani mutu wa tochi pang'ono, ili ndi malo otsekera kuti isayake yokha. Mukapita koyeserera kuwombera galasi limada ndi mwaye. Kulipaka Vaseline pang'ono musanayambe kumathandiza kuti mwayewo uchoke ndi kansalu basi. Kasikuluwu komangira tochi pa kanjanji ka mfuti muzikaona ngati sikanamasuke, makamaka mutayenda msewu wa mabampu.

Alamu asananyamuke, pitani ku ofesi ya apolisi imene imaona za ziphaso za mfuti mukafunse ngati pakufunika kalata iliyonse yolowetsera zinthuzi pa chipata cha Dedza kapena cha Mwanza. Ndipo powalembera uthenga, tchulani zonse: TLR-7A Flex, holster ya Kydex yovala mkati mwa thalauza, ya Glock 19 yokhala ndi TLR-7A, ya dzanja limene mumawombera nalo. Mu imelo yanu simunanene ngati ndinu amanzere. Ngati ndi choncho auzeni msanga, chifukwa holster ya dzanja lamanja nthawi zambiri siitembenuzika.