Seljuk, Seljuq kapena Selçuk, lolondola ndi liti?

Achimwene mwafunsa kuti dzina loti Seljuk limatanthauza chani komanso bwanji pena mukulipeza litalembedwa Seljuq pena Selçuk, musavutike mtima, ndi dzina limodzi lomwelo ndipo palibe amene anaphonya sipelo. Koma poyamba dziwani kuti Seljuk si dzina la mtundu wa anthu ayi, ndi dzina la munthu, agogo ena ake amene anali mfumu ya kagulu kotchedwa Kınık mwa anthu a mtundu wa Oghuz, a Turk oweta ziweto ku Central Asia. Mkuluyu anakakhazikika ndi anthu ake ku Jand, mmbali mwa mtsinje wa Syr Darya komwe lero ndi Kazakhstan, nkulowa Chisilamu chakumapeto kwa zaka za m'ma 900. Zili ngati mmene kwathu kuno mudzi umatchulidwira dzina la nyakwawa yoyamba, mwini wake anapita kalekale koma anthu akadali kunena kuti tikupita kwa uje.

Chosangalatsa nchoti mwini dzinayo ufumu waukulu umene unadzatchulidwa dzina lakewo sanauone nkomwe, anamwalira zinthu zisanayambe kukoma. Amene anagwira ntchito ndi adzukulu ake awiri, Tughril ndi Chaghri, ana a Mikail. Anyamatawa anathambitsa asilikali a Ghaznavid, banja lachifumu lomwe linkalamulira madera a Afghanistan ndi kummawa kwa Iran, pa nkhondo ya Dandanaqan mu 1040, kenako mu 1055 Tughril analowa mu Baghdad ndipo khalifa wa nthawiyo, mtsogoleri wamkulu wa Asilamu, anamuvomereza ngati sultan, kutanthauza mfumu. Mwana wa Chaghri, Alp Arslan, ndi uja anagonjetsa a Byzantine, ufumu wachikhristu womwe likulu lake linali Constantinople, ku Manzikert mu 1071 mpaka kugwira mfumu yawo Romanos IV ali wamoyo, ndiye kuchokera pamenepo a Turk anayamba kukhamukira ku Anatolia, komwe lero tikuti Turkey. Mantha a ku Constantinople ndi amene anapangitsa kuti a Byzantine apemphe thandizo kwa papa Urban II, iye nkuitanitsa Crusade yoyamba, nkhondo ya Akhristu yolimbana ndi Asilamu, mu 1095, mwaona mmene banja limodzi linagwedezera dziko.

Tanthauzo la liwu lenilenilo akatswiri mpaka pano sagwirizana, ena amalilumikiza ndi liwu loti sel lomwe mu Chiteki ndi madzi osefukira, ena amati ndi sal, kaphaka kowolokera pamtsinje. Ndiye mukaona munthu akulemba motsimikiza kuti limatanthauza chakuti basi, muzimumvera ndi khutu limodzi.

Tsopano za sipelo, apa ndiye pali nkhani. Ngakhale mafumuwa anali a Turk, kunyumba yachifumu ndi mmaofesi mwawo ankagwiritsa ntchito kwambiri Chiperisiya, ndipo mbiri yawo inalembedwa mu Chiperisiya ndi Chiarabu, zilembo za Chiarabu. Kalembedwe kameneka nthawi zambiri sikaonetsa mavawelo afupiafupi, ndiye wina powerenga amati Sal, wina Sel, nchifukwa chake mmabuku ena a kuyunivesite mupeza Saljuq. Ka q kakumapetoko kakuimira chilembo chotchedwa qaf, k wotulukira kukhosi kwenikweni, amene munaphunzirako ku madrasa mukumudziwa, koma Mngelezi wamba alibe naye ntchito amangolemba k nkumapita. Selçuk ndi kalembedwe ka ku Turkey kuyambira pomwe anasintha zilembo mu 1928, ndipo ç wa kamchirayo amatchulidwa ngati ch wathu wa mu chakudya, ndiye iwo amati Selchuk pomwe Angelezi amati Seljuk ndi j.

Mu Chingelezi liwuli limagwira ntchito pawiri ndipo S wake amakhala wamkulu nthawi zonse. Mutha kutchulira anthu, a Seljuk mmodzi, the Seljuks ambiri, kapena kufotokozera chinthu monga Seljuk architecture, Seljuk sultan, Seljuk Turks osawonjezera kanthu kumapeto. Mawu oti Seljukian ndi Seljukid aliponso koma ndi achikale, masiku ano ndi ochepa amene amawalemba. A ku Turkey iwo banja lonse amalitcha Selçuklu, ka lu kakumapetoko kakutanthauza a kwa Selçuk. Ngati mukulemba asainimenti ine ndingati tengani Seljuk, ndi amene wazolowereka, bola musasakanize, kuyamba ndi k ndime yachiwiri q yachitatu Saljuq, aphunzitsi aona ngati mwangokopera malo atatu osiyana kkkk.

China chimene chimasokoneza anthu nchoti maufumu a dzinali ndi angapo. Pali Great Seljuk Empire, uja wa ku Iran ndi Iraq amene anafika pachimake nthawi ya Malik Shah ndi nduna yake Nizam al-Mulk, ndiye pali nthambi ya ku Anatolia yotchedwa Sultanate of Rum yomwe likulu lake linali Nicaea kenako Konya. Rum akutanthauza Rome, poti dera limenelo analanda kwa a Byzantine omwe ankadzitcha Aroma. A ku Rum anamenyedwa koopsa ndi a Mongol ku Köse Dağ mu 1243 ndipo chakumayambiriro kwa zaka za m'ma 1300 ufumuwo unali utatha.

Musawasokonezenso ndi ma Ottoman, amenewo ndi banja lina lomwe linadzuka a Seljuk akuzilala, ngakhale kapangidwe ka dzina nkofanana, Ottoman akuchokera kwa Osman, dzina lomwelo la Chiarabu loti Uthman lomwe abale athu achisilamu ku Mangochi amati Usumani. Ndipo Selçuk silinafe, ku Turkey makolo akadali kupatsa ana aamuna dzinali, okonda mpira mukumbukira Selçuk İnan amene anali kaputeni wa Galatasaray, ku Konya kuli Selçuk University, komanso tauni yomwe ili pafupi ndi mabwinja a Ephesus, Efeso wa m'Baibulo uja, dzina lake ndi Selçuk.