Kwacha yagwa mphamvu: mwana aphunzire chiyani?

Mayi wina wa ku Lilongwe wafunsa kuti: "Mwana wanga wamkazi wakhoza bwino MSCE ndipo mtima wake uli pa economics. Bambo ake akuti bola ACCA, kapena timutumize ku South Africa. Ndi momwe chuma chililimu, ntchito adzaipeza kuti?"

Mayi, tiyambire pa fizi. Musanafunse kuti ndi zingati, funsani kuti imalipidwa m'ndalama ya dziko liti. Pa 9 November 2023 Reserve Bank of Malawi idachepetsa mphamvu ya kwacha ndi 44 peresenti, dola imodzi kuchoka pa K1,180 kufika pa K1,700, ndipo mu May 2022 idali itaichepetsa kale ndi 25 peresenti. Mayeso a madola 100 amene dzulo lake adali K118,000 adagona n'kudzuka ali K170,000. Umenewutu udali mtengo wa kubanki, komwe dolayo nthawi zambiri imasowa. ACCA, bungwe la ku Britain lopereka mayeso a akaunti, imalipiritsa m'mapaundi, sukulu za ku South Africa m'marandi, pamene malipiro a bambo ali m'makwacha. Chimachitika n'chakuti banja limakwanitsa chaka choyamba, chachiwiri n'kugulitsa puloti, chachitatu mwana n'kubwerako wopanda pepala. Ngati mtima uli pa akaunti, mayeso a ICAM, bungwe la akatswiri a akaunti la ku Malawi, ndi akonkuno ndipo amalipidwa m'makwacha. ACCA angadzaione akayamba kulandira.

Economics yomwe akuifunayo si yolakwika. Imaphunzitsidwa ku UNIMA ku Zomba, ndipo ku LUANAR, ku Bunda, kuli yokhudza zaulimi. Kusankhidwa kumadzera ku NCHE, bungwe loyang'anira maphunziro a ukachenjede, ndipo pamafunika makirediti asanu ndi limodzi kuphatikizapo Chingerezi. Koma yang'anani giredi ya masamu. Phunziroli ladzaza ndi calculus ndi statistics, moti mwana wolankhula bwino za ndale koma wofooka pa masamu amavutika kuyambira chaka choyamba. Akangosankhidwa, alembe msanga fomu ya ngongole ku HESLGB, bungwe la boma lobwereketsa ndalama kwa ophunzira a m'mayunivesite, asadikire kuti sukulu itsegulire.

Tsono nkhani ya ntchito. Musawerengere boma. Chuma chikavuta, gawo lalikulu la bajeti limapita kolipira chiwongoladzanja cha ngongole, ndipo boma likamakambirana ndi IMF limalonjeza kuchepetsa kusiyana kwa ndalama zomwe limatolera ndi zomwe limagwiritsa ntchito. Pulogalamu ya ngongole ya IMF ya mu November 2023, ya madola pafupifupi 175 miliyoni, idali yotero, ngakhale idathera panjira mu May 2025. Kuchotsa anthu ntchito kumabweretsa phokoso, ndiye njira yachidule n'kuchedwetsa kulemba atsopano. Taonani aphunzitsi otuluka m'ma TTC ndi anamwino amene amakhala zaka akudikira kuitanidwa. Ku Reserve Bank, ku MRA, ku Unduna wa Zachuma ndi ku National Statistical Office amalembadi akatswiri a zachuma, koma malo ndi ochepa ndipo ofunsira ndi chinamtindi. Mabungwe omwe si aboma nawonso si pothawira monga kale, poti thandizo la USAID litadulidwa mu 2025 ambiri adatsala pamsewu.

Kampani yoitanitsa zipangizo kunja ikasowa madola imachepetsa mashifiti. Yogulitsa kunja fodya, tiyi, shuga, makademiya kapena soya imapumako, chifukwa dola yomwe yalowa imasinthika kukhala makwacha ambiri. Kumeneko, komanso kumabanki, kumakampani a inshuwalansi ndi kumakopaletivu a alimi, amafuna munthu wotha kuwerengera mtengo wa katundu ndalama ikamasinthasintha. Choncho digiri payokha siikwana. Pofika chaka chachitatu mwanayo akhale akudziwa Excel mozama, pulogalamu imodzi ya pakompyuta yosanthulira ziwerengero monga Stata kapena R, ndi kawerengedwe ka PAYE ndi VAT. Pa holide iliyonse apemphe atachimenti, ngakhale pa kopaletivu ya kumudzi kwanu, ndipo pochoka atenge kalata yonena zomwe wagwira. Ambiri amaiwala kalatayi, kenako pofunsira ntchito alibe umboni.

Akapanda kusankhidwa, musathamangire koleji iliyonse yomwe mwamva pa wailesi. Onani kaye ngati kolejiyo komanso pulogalamu yeniyeniyo zili pa mndandanda wovomerezeka wa NCHE, chifukwa koleji imatha kuvomerezedwa koma maphunziro ena ayi. Ndipo musanyoze makoleji a ntchito zamanja a pansi pa TEVETA, monga Lilongwe Technical College. Katundu wakunja akadula, anthu amakonzetsa furiji, galimoto ndi pampu m'malo mogula zatsopano, ndipo magetsi akamazimazima woika sola sakhala pansi. Atsikana m'makalasi amenewa ndi ochepa, koma khomo lake n'lotseguka kwa iwonso. Muuzeni mwana wanuyo awone mndandanda wa maphunzirowo yekha, bambo ake ali pomwepo.