Mlendo akabwera kamodzi n'kusowa

Zikomo bambo chifukwa cha funso lanu. Mwanena kuti kutchalitchi kwanu alendo amabwera kamodzi kapena kawiri kenako n'kusowa, ngakhale kuti mumawaimiritsa, kuwaombera m'manja ndi kuwaimbira nyimbo. Ine ndimapemphera mu mpingo wa CCAP kuno ku Mangochi, ndipo nkhaniyi imandikhudza kwambiri. Mmene ndimaonera, mlendo sitimutaya Lamulungu ayi, timamutaya pakati pa Lolemba ndi Loweruka.

Kuimiritsa mlendo sikolakwika, koma munthu amene watchula dzina lake pamaso pa khamu sanadziwane ndi wina aliyense, ndipo mapemphero akatha, ife tonse tikamathamangira kwa anzathu akale, iye amatuluka yekhayekha monga anabwerera. Choyenera n'chakuti mkulu wa mpingo kapena mayi wa Mvano amutengere pambali, amufunse kumene akukhala, ndipo tsiku lomwelo amupereke m'manja mwa banja limodzi la kumlaga, kagulu ka akhristu a dera lakelo, loti limuyendere sabata isanathe ndi kudzamutenga popita kumapemphero a m'makomo. Abale athu Akatolika anaziona kale zimenezi, chifukwa m'chaka cha 1976 maepiskopi awo a m'chigawo chino cha Africa anagwirizana kuti miphakati, timagulu tawo tofanana ndi milaga yathu, ikhale maziko a moyo wa mpingo. M'kagulu kochepa ndi mmene munthu amadziwika dzina, ndipo akadwala kapena akaferedwa anthu amamva msanga.

Tiganizenso za alendo amene timalandira kuno. Wina ndi mphunzitsi, namwino kapena wapolisi amene wasamutsidwa kuchokera ku Mzuzu kapena ku Dedza, alibe mbale, ndipo mwina akufunabe nyumba ya lendi. Wina ndi msodzi wotsatira usipa, mwezi uno ali ku Makawa, wamawa ali ku Msaka. Wina amagwira ntchito m'mahotela a m'mbali mwa nyanja, kumene Lamulungu ndi tsiku lotanganidwa, choncho kusaoneka kwake si ulesi. Palinso amayi ambiri amene amuna awo ali ku Joni, akulera ana okha. Anthu onsewa sangamangidwe ndi chingwe chimodzi.

Pali chinthu china chimene ndikupempha kuti tichisamale kwambiri. Boma lathu lino lili ndi Asilamu ambiri, ndipo mabanja ochuluka ndi osakanikirana, moti mlendo amene wakhala kumbuyo mwakachetechete akhoza kukhala kuti wachokera m'banja la Chisilamu, mwina wangoperekeza mnzake. Munthu wotere tisamukakamize kuimirira, tisamujambule n'kuika chithunzi chake pa Facebook osamupempha, ndipo koposa zonse mlaliki asanyoze chipembedzo cha makolo ake pagome. Ndinaonapo mtsikana wina akutuluka ulaliki uli mkati chifukwa cha mawu otere, ndipo sanabwerenso. Mpaka lero zimandiwawa. Moni wa Chiyao pakhomo, kapena nyimbo imodzi ya kwaya m'Chiyao, zimamuuza munthu kuti pano si pachilendo.

Gulu la WhatsApp limathandiza pa zolengeza za maliro, matenda ndi misonkhano, koma si onse ali ndi foni yotere kapena ndalama ya bando, makamaka agogo athu ndi a kumatchalitchi a kumidzi monga cha ku Makanjira, choncho uthenga womwewo uziyendabe ndi miyendo kudzera m'milaga.

Nkhani ya zopereka ndi khadi la chakhumi idikire kaye. Akuluakulu anati mlendo amadza ndi kalumo kakuthwa, choncho akabwera kachitatu mufunseni zimene ankachita kumpingo kwawo, kaya ndi kwaya, Sande sukulu kapena kusunga mabuku a chuma, ndipo mumupatse kantchito kakang'ono. Ngati kalata yake yosamukira inatsala kwawo, mlembi wa mpingo aimbire yekha foni abusa akumeneko m'malo modikira kuti mlendoyo adzapeze ndalama ya ulendo wokaitenga.